Kasuti kali m'chikwama, koma khanda lilibe chipewa

Nyengo yozizira ino ndikuona vuto limodzimodzi pafupifupi m'chikwama chilichonse chimene mayi woyembekezera wanditsegulira. Pamwamba pamakhala kadiresi ka nayiloni ka timaluwa tosokerera, pansi pake kasuti ka kolala youma, m'mbali tinsapato mapeyala awiri kapena atatu. Zonsezo zokongola, zonsezo za saizi yaing'onong'ono, ija yomaliza kuchepa. Ndikafunsa kuti chipewa chili kuti, nanga masokosi, mayi amayamba kupisa dzanja m'makona a chikwama uku akumwetulira mwamanyazi. Matewera amatuluka anayi kapena asanu. Vesiti imodzi.

Ndalama zikulowa ndithu, sindikukana. Koma zikuthera pa zovala zokajambulitsira chithunzi, pamene zovala zoti mwana azikhalamo usana ndi usiku anthu akuti tidzaona akabadwa.

Amayi ndi abambo, kodi mukudziwa kuti khanda limakula msanga bwanji? Ana ambiri obadwa masiku atakwana amalemera pakati pa makilogalamu 2.5 ndi 4, ndipo amatalika masentimita 50 kapena kufupi ndi pamenepo. Masiku oyambirira sikelo imatsika pang'ono, koma pakamatha masabata awiri mwana amakhala atabwerera pamene anabadwira. Kuyambira apo, mwana woyamwa bwino amaonjezera magalamu 150 mpaka 200 sabata iliyonse, ndipo akamafika miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi amalemera kawiri kuposa tsiku lomwe anabadwa. Manambala ena amene mumaona pa kansalu ka kukhosi kwa chovala, monga 50, 56 ndi 62, ndi masentimita a kutalika kwa mwana. Ndiye kuti chovala cha 50 chimamukwana pa tsiku lobadwa, sabata zingapo pambuyo pake mabatani ayamba kukana. Ngati mwanayo wabadwa wonenepa, wa makilogalamu 4, chovalacho sachilawa n'komwe.

Tsono werengani nokha. Mwagula zovala khumi za saizi imeneyi. Nthawi yozivalira ndi sabata zitatu kapena zinayi, sabata zimene mayi ali ndi ululu, tulo palibe, ndipo dzanja lake limangofikira chovala chosavuta kuveka. Kadiresi ka mabatani asanu ndi atatu kumsana kamakhala pansi pa mulu mpaka tsiku limene mukati mukayese, mkono wa mwana sukulowanso. Ndalama imene inagula kadiresiko ikanagula mavesiti angapo ndi matewera. Mwezi usanathe mukubwereranso kukagula zovala zina, nthawi imene m'thumba mwauma kale ndi zina za uchembere.

Bambo wina, mlimi wolimbikira amene munda wake sungaupezere chifukwa, anandiitanira m'nyumba kuti ndione zomwe anakonzera mwana wake woyamba. Anali atagulitsa zokolola, ndipo anapita yekha kukagula, mkazi wake osamufunsa. Anayala pabedi kasuti kakuda ka tayi, kathalauzi ka jini kolimba ngati kachikulire, ndi tinsapato tachikopa. “Alangizi, ameneyu akuyenera kutuluka m'chipatala ngati bwana,” anatero akusisita kolala ya kasutiko. Ndinamufunsa ngati matumba osungiramo zokolola amagula mbewu isanamere. Anaseka, nati ayi, munthu amayamba waona mmene munda wachitira. Mwana anabadwa wamkulu, ndipo anali wamkazi. Anatuluka m'chipatala atakulungidwa m'nsalu ya mayi ake, chipewa chobwereka kwa mayi wa bedi loyandikana nalo. Kasuti kaja kakadali m'pepala lake. Bamboyo amati akusungira wotsatira.

Zikanakhala kuti zimathera pa ndalama, bwenzi nditangokhala chete, poti ndalama ndi zanu. Chimene chikundiyankhulitsa ndi kuzizira. Khanda silitha kusunga kutentha kwa thupi lake monga timachitira akuluakulu. Thupi lake liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, ndipo likatsika pansi pa 36.5 mwanayo wazizidwa, amayamwa mofooka, amangogona, ndipo matenda samachedwa kumupeza. Mutu wa khanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kwake konse, choncho ukakhala pamtunda kutentha kwambiri kumathawira pamenepo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti khanda livale chovala chimodzi kapena ziwiri kuposa zimene wamkulu wavala pa nyengo yomweyo, ndiponso chipewa. Za tayi silinenapo kanthu.

Ndipo ngati mwana wabadwa masiku asanakwane, kapena sikelo yake sinafike makilogalamu 2.5, azamba adzakuuzani kuti mumusamale mwa njira ya kangaroo, ija inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978. Mwana amakhala pachifuwa cha mayi kapena bambo, khungu kukhudza khungu, atavala thewera, chipewa ndi masokosi, basi. Zinthu zitatu zimenezi ndi zomwezo zimene zikusowa m'zikwama zanu. Palibe amene amadziwiratu kuti wake adzabadwa wochepa thupi.

Tibwere pa zovala zokongolazo. Tembenuzani kadiresi ka nayiloni muone mkati mwake: misoko yokhakhala, timaulusi tolendewera, kansalu ka dzina kolimba kamene kamakanda pakhosi. Nayiloni samwa thukuta. Kukazizira satenthetsa, kukatentha amasunga chinyezi pakhungu, ndiye mwana amatuluka tizidzolo m'khosi ndi m'khwapa, inu n'kuyamba kufunafuna mankhwala. Kathalauzi ka lasitiki yolimba kamakhala ndendende pa mchombo, pamene mchombowo ukufuna mpweya kuti uume ndi kugwa, zimene zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Mabatani a kumsana amadinda mwana, popeza khanda limagona chagada pafupifupi tsiku lonse, ndipo ndi mmene liyenera kugonera. Timikanda ndi timabatani tosokerera pachifuwa tikathothoka timapita kukamwa. Zingwe zomanga m'khosi, kaya za chipewa kaya za juzi, dulani lero lomwe. Nanga nsapato, mwana amene kuyenda kwake kuli kutali ndi chaka, akupita nazo kuti?

Chimene chimanditopetsa kwambiri ndi zimene zimachitika zikaoneka kuti zovala zenizeni palibe. Achikulire amabwera ndi mabulangete. Mwana amene mkati wavala kadiresi kopyapyala amamukulunga m'shawelo, pamwamba bulangete, pamwamba pake bulangete lina lochindikala, mpaka nkhope osaoneka. Ukalankhula amati ife tinalera ana angati chonchi. Munalera, inde, ndipo ulemu wanu sitikuchotsa. Koma kutenthedwa kwambiri ndi kuphimbidwa kumaso ndi zina mwa zinthu zimene zimaika khanda pa chiopsezo chomwalira mwadzidzidzi lili m'tulo. Mwana wovala bwino mkati safuna mulu wa zofunda. Pisani dzanja pachifuwa pake kapena kumbuyo kwa khosi. Pakakhala pofunda bwino, zili bwino. Pakakhala thukuta, chotsaniko chimodzi, ndipo ngati m'chipinda muli motentha chipewa chichoke pogona. Mapazi akazizira, muvekeni masokosi ndi kumuika pachifuwa panu, osathamangira bulangete lachitatu. Ndipo kansalu kaja kamene ena amamanga nako pamimba kuti mchombo usatuluke kasiyeni. Sikabweza mchombo, kamangosunga chinyezi pa bala. Nkhani imeneyi tainena kusikelo mpaka mawu kusasa.

Palinso kuchapa, kumene ogula masuti saganizira chifukwa nthawi zambiri sachapa ndi iwo. Khanda limayamwa kasanu ndi katatu mpaka kakhumi ndi kawiri pa tsiku, ndipo zolowazo zimatuluka. Sabata yoyamba ikamatha, mwana woyamwa mokwanira amanyowetsa matewera 6 kapena kuposerapo tsiku lililonse, kuonjezera pa chimbudzi chimene sichifunsa nthawi ndiponso mkaka umene amabweza paphewa. Kusintha thewera kakhumi pa tsiku si zachilendo. Ndi matewera asanu aja, m'nyengo imene dzuwa likungosuzumira, mayi amafika pobwezera mwana thewera losauma bwino, kapena kumusiya ndi lonyowa kudikira lina liume. Khungu limafiira, kenako limasupuka, mwana n'kumalira usiku wonse, nyumba yonse osagona. Ndaonapo mayi akuyanika kavesiti kamodzi komweko pafupi ndi moto pakati pa usiku, m'chikwama muli madiresi asanu ndi limodzi osavalidwa.

Mukuti nanga tigule chiyani? Zimenezi n'zodziwika, koma poti mwafunsa. Za saizi yomaliza kuchepa gulani ziwiri kapena zitatu zokha. Zotsalazo zikhale za miyezi 0 mpaka 3, manja akatalika mumapinda. Mavesiti a thonje asanu kapena asanu ndi imodzi, zovala zolowa thupi lonse zotsekula kutsogolo ndi pakati pa miyendo zinayi kapena zisanu, kuti musamavule mwana yense pofuna kusintha thewera. Zipewa ziwiri zofewa, masokosi mapeyala atatu, kajuzi kamodzi kapena tiwiri malinga ndi nyengo imene mwana adzabadwire, nsalu zofewa zomukulungira zitatu kapena zinayi, ndi bulangete limodzi lopepuka. Ngati mudzagwiritsa ntchito matewera ansalu, asachepere 20. Ngati ndi otaya, musadzaze nyumba ndi a saizi yoyamba, nawonso amachepa msanga. Amene amachapa tsiku ndi tsiku angathe kuchepetsako, amene madzi kapena dzuwa zimawavuta aonjezere.

Zovala zosiyidwa ndi mwana wa mnzanu musazinyoze, zimakhala zitafewa kale, bola muone kuti mabatani ndi olimba. Zatsopano ndi zakale zomwe, chapani ndi sopo wosanunkhira kwambiri, tsukuluzani bwino, ziume padzuwa mwana asanazivale. Masokosi atembenuzeni ndi kudula timaulusi ta mkati, chifukwa kaulusi kapena tsitsi likazenga kachala limatha kukamanga mpaka kutupa. Thewera lipindeni kuti likhale m'munsi mwa mchombo. Achibale akafunsa chimene angabweretse, auzeni mosabisa kuti agule za miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, apo ayi nonse mudzagula kadiresi kamodzimodzi. Chikwama chikhale chokonzeka mimba ikamakwana miyezi isanu ndi itatu, chipewa ndi masokosi zikhale pamwamba penipeni pomwe mzamba angazipeze osakhuthula zonse.