Kusewera magemu a PlayStation pa kompyuta yakale: zofunika ndi zovuta zake

Musanathamangire kugula RAM, yang'anani kaye purosesa. Emulator, pulogalamu yotsanzira makina a PlayStation pa kompyuta, imamasulira malangizo a purosesa ya gemuyo kuti purosesa yanu iwamve, ndipo mtolo wonsewu umagwera pa core (chigawo cha purosesa chogwira ntchito pachokha) imodzi kapena ziwiri basi. N'chifukwa chake purosesa ya ma core anayi aulesi imagonja kwa ya ma core awiri othamanga. PlayStation 2 (PS2) inali ndi purosesa ya 294 MHz yokha, koma kuitsanzira kumatopetsa makina a 2 GHz.

Tsitsani pulogalamu ya CPU-Z, muone dzina la purosesa ndi mzere wolembedwa Instructions. Ngati pamzerewo palibe SSE4.1, emulator ya PS2 yotchedwa PCSX2, ikakhala yatsopano, siitseguka n'komwe. Core 2 Duo E8400 ili nayo, E6600 ilibe. PCSX2 2.0, yomwe inatuluka mu 2024, imafunanso Windows 10 ya 64-bit. Amene ali pa Windows 7 agwiritse ntchito PCSX2 1.6.0 ya mu 2020, ndipo pa PS1 atenge emulator ya ePSXe m'malo mwa DuckStation.

Magemu a Super Nintendo, Mega Drive ndi Game Boy Advance amayenda pafupifupi pa chilichonse. Pa Super Nintendo sankhani Snes9x, osati bsnes, chifukwa bsnes imatsanzira chilichonse mwandendende ndipo imalemera. PS1, komanso PSP kudzera pa emulator ya PPSSPP, zimatheka pa Core 2 Duo ya RAM ya 4 GB. Vuto limayambira pa PS2. Magemu a mpira amatha kuyenda pa Core i3 kapena i5 yakale, koma Shadow of the Colossus musaiyembekezere.

Chizindikiro choyamba cha kuchepa mphamvu ndi mawu. Akayamba kudukaduka ngati wailesi yatha batire, musalimbane ndi masipika: gemu ikuyenda pansi pa 100%, ndipo mawu akutsatira. Mu PCSX2, ikani Internal Resolution pa Native. Likakhala kuti liwiro silinasinthe ngakhale pang'ono, ndiye kuti wolephera ndi purosesa, osati zithunzi. Pamenepo tsitsani EE Cycle Rate, liwiro la purosesa ya PS2 yomwe ikutsanziridwa, ndi sitepe imodzi. MTVU, yomwe imapatsa core ina gawo la ntchito, muiyatse pokhapokha purosesa ili ndi ma core atatu kapena kuposa. Njira ina yomwe ambiri amaiiwala: gemu ya PAL (ya ku Ulaya) imafuna mafelemu 50 pa sekondi pamene ya NTSC (ya ku America ndi Japan) imafuna 60, choncho ya PAL imapepukirako. Mukaona 50 pa gemu ya PAL, zili bwino, musasinthe kanthu.

Nanga gemu yomwe imayamba bwino, n'kufooka pakatha mphindi 15? Kumeneko ndi kutentha. Purosesa ikafika cha m'ma 90 digiri imadzichepetsa liwiro kuti isapse. Onani kutentha pa pulogalamu ya HWMonitor, tsegulani makina, chotsani fumbi lomwe launjikana ngati thonje pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira mpweya, pukutani thermal paste (phala lopaka pamwamba pa purosesa) youma n'kuika yatsopano, kadontho kang'ono ngati njere ya mpunga. Laputopu isakhale pa bulangete. Ikakhala pa batire, Windows imachepetsanso liwiro, ndiye bayani chaja kapena sankhani High performance mu Power Options.

Skirini yakuda nthawi zambiri ndi BIOS (pulogalamu ya mkati mwa PlayStation) yosowa kapena yoikidwa mufoda yolakwika. Ya PS1 ndi fayilo ya 512 KB, ndipo njira yovomerezeka ndi kuikopera kuchokera mu PlayStation yanu yomwe. Gemu ya PS1 tsegulani fayilo ya .cue, osati .bin, apo ayi nyimbo zimasowa. Zikakanikabe, sinthani renderer, njira yojambulira zithunzi monga Vulkan kapena Direct3D. Zida za zithunzi za Intel HD 3000 ndi HD 4000 zilibe Vulkan pa Windows. Pa HD 4000 sankhani Direct3D 11. Zithunzi za Intel zotere zimabwereka RAM ya kompyuta, ndiye timitengo ta RAM tiwiri ta 4 GB timathamanga kuposa kamodzi ka 8 GB. Apa ndi pamene kugula RAM kumaonjezadi liwiro.

Uthenga woti VCRUNTIME140.dll ikusowa umatha mukaika Visual C++ Redistributable ya Microsoft, ya x64 pa emulator ya 64-bit, ya x86 pa PCSX2 1.6.0. Mapadi otchipa a USB ambiri amagwiritsa ntchito njira yakale ya DirectInput, choncho emulator siiwazindikira yokha. Bayani padi musanatsegule emulator, kenako lowani pa zokonza mabatani muike limodzilimodzi, kuphatikizapo ma analog onse awiri.