Momwe mungayesere UPS yanu ndi kusintha batire likatopa

Kanyali kobiriwira ka pa UPS, kabokosi ka batire koteteza kompyuta kuti isazime magetsi akathima, kamanamiza anthu. Kamangonena kuti magetsi akulowa, osati kuti batire lili m'katimo likadali ndi moyo. Ndinazionera ndekha pa kashopu kena kotayipa makalata ndi kupanga fotokope. Mayi mwini shopuyo anali pakati pa lipoti la kasitomala, magetsi anathima, UPS inangoti "pii" kamodzi, kompyuta zii. Kabokosiko kanali katakhala pansi pa tebulo zaka 4, fumbi lili mbuu, kanyali kakuwala bwinobwino tsiku lililonse.

UPS zazing'ono za 650VA kapena 700VA zimene timagula m'matauni muno zambiri zimakhala ndi batire limodzi lomata la mtovu, la 12V 7Ah. Opanga amati limakhala zaka 3 mpaka 5, koma amawerengera chipinda chozizirira bwino, cha madigiri 20 mpaka 25. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10 pamwamba pa 25, moyo wa batire umadulidwa pafupifupi theka. Ndiye ganizirani ofesi ya malata ku Nsanje kapena ku Salima mwezi wa Okutobala. Onjezerani kuthimathima kwa magetsi: batire lotere likamatheratu, limapirira maulendo 200 kapena 300 basi. Kwathu kuno musadabwe likatopa pa zaka 2.

Chimene chinganene zoona ndi wotchi. Yesani motere.

Yambani n'kuisiya UPS pa magetsi usiku wonse, maola osachepera 8, kuti batire lidzaze. Sankhani tsiku limene ndandanda ya ESCOM sikusonyeza kuti kwanuko kuthima, chifukwa mukamaliza kuyesa batire lifunika kutchajanso msanga.

Kenako chotsani kompyuta. Ambiri amayesa ndi kompyuta yomweyo imene akufuna kuiteteza, kuli ngati kuyesa kuya kwa mtsinje mwana ali kumsana. Lumikizani chinthu chimene sichingawonongeke chikazima mwadzidzidzi, ndipo mukudziwa mphamvu imene chimadya. Babu lakale lija la kawaya m'kati, la 60W, ndi labwino kwambiri. Mababu a LED amadya pang'ono zedi, mungagone mukudikira. Ketulo, ayironi ndi printa ya laser zisayandikire, zimakoka mphamvu yoposa imene UPS ingakwanitse.

Tsopano thimitsani pa switchi ya soketi ya pakhoma, pulagi muisiye momwemo. Masoketi athu a mano atatu ali ndi ubwino umenewu: mukathimitsa pa switchi, waya wa earth amakhalabe wolumikizika. Yambitsani wotchi ya pa foni. UPS idzayamba kulira motalikitsa, kenako batire likatsala pang'ono kulirako kumafulumira. Ikayamba kulira mothamanga choncho imitsani wotchi ndi kuyatsa switchi. Musadikire kuti izime yokha, kulikama batire mpaka dontho lomaliza kumalikalambitsa.

Anthu okonda masamu, poona 12V 7Ah ija, amati 12 kuchulukitsa ndi 7 ndi 84, choncho babu la 60W liyake ola ndi kupitirira. Sizitheka. Batire la mtovu likamakokedwa mofulumira limapereka zochepa, ndipo mphamvu ina imatayika ngati kutentha posandutsa 12V kukhala 230V. Batire latsopano likakupatsani theka la ola kapena kupitirirako pang'ono pa babu limeneli, lili bwino. Pa kompyuta ya patebulo ndi sikirini yake, mphindi 10 n'zambiri kale. UPS yotere ntchito yake n'kukupatsani mpata wosunga ntchito ndi kuzimitsa bwino, si jenereta.

Mphindi mwapezazo zilembeni pa kapepala komata, pamodzi ndi deti ndi mphamvu ya babu, mumate pa UPS. Pakatha miyezi 6 muyesenso ndi babu lomwelo. Nthawi ikatsika kufika theka la poyamba, ine sindidikiranso, ndimasintha batire. Palinso zizindikiro zosafuna wotchi: batire lotupa m'mbali, fungo ngati la mazira owola, ufa woyera pa mitu ya batire, kapena bokosi lotentha kwambiri pamene silikugwira ntchito yolemera. Mukaona zimenezi thimitsani lero lomwe.

Posintha, zimitsani UPS, zulani pulagi pakhoma, ndipo chotsani mawaya onse. Apa ndiye pulagi izulidwe ndithu, popeza mu UPS zina mawaya a batire amatha kukhala ndi magetsi oopsa ikakhala yolumikizidwa kukhoma. Vulani mphete ndi wotchi ya chitsulo. Batire la 12V silingakugwireni, koma chitsulo chikakhudza mitu iwiri nthawi imodzi chimatentha mpaka kuwotcha chala. UPS zina za kampani ya APC zili ndi kachitseko ka batire pansi, zina mumasula masikulu ndi kutsegula bokosi lonse. Zikatero musakhudze bolodi ya m'kati, tizipangizo ta pamenepo totchedwa ma capacitor timasunga moto ngakhale pulagi yazulidwa.

Jambulani chithunzi musanasolole waya aliyense. Chotsani wakuda, kenako wofiira. Batire lakalelo pitani nalo kushopu, musadalire kukumbukira. Mukufuna la 12V, la msinkhu womwewo, nthawi zambiri mamilimita 151 m'litali ndi 65 m'lifupi. Yang'ananinso timano ta pamitu, pali tating'ono ta F1 ndi tokulirapo ta F2, ndipo waya wolowa mokhwepa amatentha. La 9Ah likakwana m'malomo palibe vuto. Pemphani wogulitsa alipime ndi multimeter, kachipangizo kopimira magetsi, pamaso panu. Likasonyeza pafupi ndi 12.6V kapena kuposa, tengani. Likakhala pansi pa 12, lakhalitsa pa shelefu, lisiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. UPS yanu ikakhala ya mabatire awiri, gulani awiri ofanana, chifukwa lakale limafooketsa latsopano.

Nanga batire la galimoto? Ndawaona anthu ataboola bokosi la UPS n'kutulutsa mawaya kuti alumikize batire lotere. Tchaja ya UPS yaing'ono sinapangidwire batire lalikulu choncho, thiransifoma yake imatentha ikagwira ntchito maola, ndipo batire la madzi limatulutsa mpweya woyaka m'chipinda. Ofuna maola ambiri agule inverter, makina osandutsa magetsi a batire lalikulu kukhala a m'nyumba.

Bwezerani wofiira pa mutu wa +, wakuda pa −. Kamoto kakang'ono kakathetheka polumikiza waya womaliza musaope, zimachitika. Tsekani, tchajani tsiku lathunthu, kenako yesani ndi babu lija kuti mupeze nambala yatsopano ya pa kapepala. Pobwezeretsa UPS muichotse pakona yotsekeka ija, ikhale popita mphepo.

Batire lakalelo lisapite kudzala kapena m'chimbudzi, ndipo ana asalitole n'kuliswa. M'kati muli mtovu ndi asidi, ndipo mtovu umawononga ubongo wa mwana. Matani mitu yake ndi tepi, mukalisiye kwa ogulitsa mabatire amene amalandira akale.