Shawa ikungodontha? Kwezani thanki, musagule yaikulu

Abale a kuno ku Harare amene mumadalira thanki poti madzi a kumpopi amabwera mwa apo ndi apo, ndikutsineni khutu. Kwathu ku Mufakose shawa inkangodontha ngati denga la udzu, ine nkumati vuto thankiyi yachepa, ndinatsala pang'ono kutaya madola kugula ya malita 5000. Ayi ndithu. Mphamvu ya madzi siyendera kunenepa kwa thanki, imayendera kutalika kuchokera pamwamba pa madziwo kutsika kufika pomwe mukutsegulira. Mamita 10 amapereka pafupifupi 1 bar basi (bar ndi muyeso wa mphamvu ya madzi), ndiye thanki yokhala pa njerwa ziwiri musayembekezere zozizwitsa, shawayo nayo ili m'mwamba kale.

Ife tinangoikweza pa sitandi ya mamita 4, pano munthu ukusamba mpaka sopo kuchoka m'mutu. Nchifukwa chakenso madzi akatsika m'thanki shawa imafooka, sikuti paipi yatsekeka ayi.

Koma owotcherera sitandi asakupusitseni ndi tizitsulo topyapyala, lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, thanki ya malita 2000 ikadzaza ndi matani awiri ali pamwamba pa ana anu akusewera pansipo.