Momwe mungapitirizire kuphunzira mutakhala kale pampando

Ena akangolowa ufumu kapena kusankhidwa utcheya wa VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi) kaya komiti ya sukulu, amaona ngati kufunsa ndi kudzitsitsa. Vuto lake malamulo amasintha osakutsanzikani, ndiye mumapezeka mukugamula mlandu wa chaka chino ndi nzeru za nthawi ya Kamuzu.

Choyamba, fufuzani malamulo amene asintha pa ntchito yanu. Mwachitsanzo lamulo la malo a mafumu la 2016 linabweretsa makomiti a malo, a gulupu ndiye wapampando ndipo pa mamembala 6 osankhidwa ndi anthu, osachepera atatu akhale amayi. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasinthanso malamulo aakulu a dziko, ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa olo makolo avomereze. Mfumu Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka dziko lonse pothetsa maukwati a ana pomwe anzake ena ankangolandira nkhuku n'kukhala chete. Pitani kwa DC mukapemphe kope la malamulowa, Chingerezi chikakuvutani mphunzitsi wapafupi akumasulireni, palibe chamanyazi apa.

Kachiwiri, gulani kope la masamba ambiri likhale la ntchitoyi basi. Msonkhano ukatha lembani tsiku, zomwe mwagwirizana, amene anakana ndi chifukwa chake. Pakatha miyezi itatu liwerengeninso, mudzadabwa kuona kuti nkhani ya mjigo yakambidwa kangapo koma palibe amene anapatsidwa ntchito yotolera ndalama zogulira zipangizo.

Chachitatu ndiye chimavuta akuluakulu ambiri: kuphunzira kwa anthu amene mumawalamula. Mlangizi wa zaulimi, wazaumoyo uja amayenda pa njinga kuyeza ana sikelo, mayi wosunga buku la banki m'khonde, mnyamata wodziwa za Airtel Money ndi Mpamba, onsewa ali ndi zomwe inu simudziwa. Aitaneni pa okha, osati pagulu pomwe amaopa kukutsutsani, ndipo akamayankhula musamawadule pakamwa. Paja safunsa anadya phula.

Za mawekishopu, pitani ndithu koma osati kukangosainira alawansi ndi kudya mpunga wa nkhuku. Mukabwerako itanani komiti muwafotokozere zinthu ziwiri zimene mwatolako, mukalephera kufotokoza ndiye kuti simunamve, muimbireni foni amene amaphunzitsa uja.

Wailesi nayo ndi sukulu, mapulogalamu a Nyumba ya Malamulo ndi a zaulimi pa MBC kapena Zodiak musamawaphonye. Koma zobwera pa WhatsApp zija muzitsimikize kaye kukhonsolo musanakalengeze pamaliro.

Ngati kuwerenga kumakuvutani, funsani kwa a zachitukuko cha m'madera ngati kuli sukulu ya kwacha pafupi mukalembetse. Pakadali pano pezani munthu mmodzi womukhulupirira azikuwerengerani chikalata chilichonse mokweza musanadinde chidindo.