Netiweki ikamavuta, yesani izi

Anzanga okhala mmadera a m'zigwa ngati mbali zina za Machinjiri, Chilomoni kapena kuseri kwa phiri la Ndirande, mukudziwa zija foni imaonetsa 4G koma meseji ya WhatsApp yangokhala ndi kawotchi osapita. Ine ndapeza kanjira kondithandiza.

Lowani mu settings, pa mobile network, musankhe 3G only mmalo mwa auto. Chimachitika nchoti foni ikakhala pa auto imangodumphadumpha kusaka 4G yofooka ija, nde data imangoduka komanso batire imatha msanga, koma mukaikakamiza pa 3G imakhazikika, pang'onopang'ono koma zinthu zimapita ndithu. Mukafika ku Limbe kapena mtauni mubwezeretse pa auto, musaiwale.

Ikakakamirabe, yatsani airplane mode masekondi 10 kenako muzimitse, foni imalumikizananso ndi tawala mwatsopano.

China, pa WhatsApp zimitsani auto-download ya zithunzi ndi mavidiyo. Magulu a mpingo ndi a kumudzi aja amatumiza mavidiyo ambirimbiri, onsewo amalimbirana kanjira kamodzi komweko ndi meseji yanu yofunika, bandulo nkutheranso pomwepo. Ndipo chonde lembani meseji, voice note ya mphindi 3 pa netiweki yotere nkudzizunza chabe.

Za ndalama gwiritsani ntchito ma code oyamba ndi * aja osati app, amenewo safuna intaneti, amayenda ngakhale pa 2G.