Pedulo ya sustain ikavuta: malangizo kwa ogula kiyibodi ochokera ku Zambia

Malangizowa ndi a inu amene mumagula kiyibodi kapena piyano ya magetsi kuno ku Lilongwe n'kupita nayo ku Chipata, Katete, Lundazi kapena Petauke. Pedulo ya sustain, imene mumaponda kuti mawu apitirire kumveka mutachotsa zala pa makiyi, ikayamba kuvuta, musathamangire kukwera basi kudutsanso pa Mwami ndi Mchinji kuti mudzabweze katundu. Nthawi zambiri palibe chathyoka, ndipo vutolo mutha kuthana nalo muli kwanu komweko.

Pedulo ikamagwira ntchito mosemphanitsa

Dandaulo limene timamva kawirikawiri ndi ili: phazi silili pa pedulo koma mawu akungopitirira n'kumasakanikirana, ndiye mukaponda m'pamene akuduka. Akatswiri amati vuto la polarity. M'kati mwa pedulo muli kaswichi, ndipo maswichiwa alipo a mitundu iwiri. Ena amalola magetsi kudutsa pedulo ikakhala yosapondedwa, n'kuwadula mukaponda. Ena amachita zosiyana ndi zimenezo. Mapedulo a Yamaha monga FC4A ndi FC5 ndi a mtundu woyamba, pamene a Casio monga SP-3 ndi a mtundu wachiwiri. Pulagi yake ndi imodzimodzi, yonenepa mamilimita 6.35, choncho mapedulo otere amalowa bwinobwino pa makiyibodi ambiri. Kulowa kokhako si umboni woti zikugwirizana.

Makiyibodi ambiri, makamaka a Yamaha, amayeza pedulo pa nthawi imene mukuwayatsa, ndipo momwe aipezera panthawiyo amatenga kuti ndiye yosapondedwa. Chotero chitani izi motsatana:

1. Zimitsani kiyibodi.
2. Lowetsani pulagi pa bowo lolembedwa SUSTAIN kapena DAMPER, ndipo ikankheni mpaka ifike kumapeto.
3. Chotsani phazi pa pedulo, muonetsetsenso kuti palibe chikwama kapena mwendo wa mpando zimene zaitsamira.
4. Yatsani kiyibodi, dikirani iyake bwinobwino, kenako yesani.

Oimbira makwaya asamale kwambiri apa. Magetsi akazima pakati pa nyimbo, n'kubweranso kapena jenereta n'kulizidwa, woimba amayatsa kiyibodi mwachangu phazi lidakali pa pedulo. Zotsatira zake, nyimbo yonse yotsatira imamveka phokoso lokhalokha, anthu n'kumati pedulo yapsa. Sinapse. Zimitsani, chotsani phazi, yatsaninso.

Ngati zimenezi sizinathandize, tembenuzani pedulo muone kunsi kapena m'mbali mwake. Mapedulo opangidwira makiyibodi osiyanasiyana, monga M-Audio SP-2, amakhala ndi kaswichi kosinthira polarity. Kasuntheni kupita mbali inayo, kenako zimitsani ndi kuyatsanso kiyibodi. Makiyibodi ena alinso ndi malo osinthira zimenezi pa menyu, pansi pa mawu oti Pedal Polarity kapena Damper Polarity. Kwa mpingo umene umabwereka kiyibodi uku ndi uko, pedulo ya kaswichi ndiyo yoyenera kugula, ngakhale itakwerako mtengo pang'ono.

Mukaponda koma palibe chikusintha

Yambani ndi bowo. Kumbuyo kwa kiyibodi mabowo a PHONES, OUTPUT ndi SUSTAIN amafanana kukula, ndipo m'tchalitchi mwa mdima n'kosavuta kulowetsa polakwika. Pa makiyibodi akuluakulu a Yamaha a mtundu wa PSR muli mabowo awiri a FOOT PEDAL, ndipo ntchito ya lililonse imasankhidwa pa menyu. Mwina wina analisintha kuti pedulo iziyambitsa ndi kuimitsa ng'oma. Libwezereni pa Sustain.

Dziwaninso kuti pa makiyibodi ambiri a PSR-E, mukagawa makiyi pawiri, pedulo imagwira mawu a dzanja lamanja okha. Besi ya kumanzere ndi zida zoperekeza za style sizimvera pedulo, ndipo anazipanga dala choncho. Poyesa, sankhani mawu a piyano pa makiyi onse. Mukayesera pa mawu a limba la organ kapena strings, mawuwo sazilala mpaka mutachotsa phazi. Chimenecho si chilema.

Zonse zikakhala m'malo mwake koma pedulo ili chete, kayikirani waya. Umakonda kudukira m'kati pafupi ndi pulagi kapena pamene ukulowera m'pedulo, chifukwa chokulunga mothina komanso kukoka wayawo pozula. Muziponda ndi kusiya pedulo mukudina makiyi, ndipo wina agwedeze wayawo pang'onopang'ono. Pedulo ikamagwira n'kumasiyanso, mwapeza podwala. Wokonza mawailesi aliyense wa pamsika angayeze ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, n'kuwotcherera pulagi yatsopano. Njira yachidule kuposa zonse ndi kubwereka pedulo ya mnzanu: ikagwira bwino, vuto lili pa pedulo yanu, ikakananso, ndiye kuti ndi bowo la kiyibodi, ndipo pamenepo mufunika katswiri.

Fumbi la m'chilimwe limalowanso m'kaswichi. Lipemerereni ndi mpweya kapena lichotseni ndi kaburashi kouma. Osathira madzi, parafini kapena mafuta ophikira. Pedulo ikamalira kwichikwichi, vuto ndi sipuling'i kapena polumikizira, osati magetsi.

Za half-damper ndi mapedulo atatu

Yang'anani kumutu kwa pulagi. Ikakhala ndi mzere wakuda umodzi, pedulo yanu imadziwa zinthu ziwiri zokha: kuponda ndi kusaponda. Ya mizere iwiri, monga Yamaha FC3A, Roland DP-10 kapena Korg DS-1H, imatha kuuza piyano kuti mwaponda pang'ono kapena kwambiri, monga zimakhalira pa piyano ya zingwe. Koma piyanoyo iyenera kukhala yolandira half-damper, kutanthauza yozindikira kuponda pang'onoku, ndipo apa makampani sagwirizana kalumikizidwe kake. FC3A pa piyano ya kampani ina itha kugwira mosemphanitsa kapena kukaniratu. Ngati mukufuna zimenezi, gulani pedulo imene yatchulidwa m'buku la malangizo la piyano yanuyo, osati ina. DP-10 ili ndi kaswichi kosankhira pakati pa Switch ndi Continuous. Pa kiyibodi wamba ikani pa Switch.

Mapedulo atatu ophatikizana, monga Yamaha LP-1 ya piyano ya P-125, ali ndi pulagi yawoyawo ya timano tambiri. Osaikakamiza pa bowo lina, timanoto tikapindika kuwongola kwake n'kovuta.

Olumikiza kiyibodi ku kompyuta aone ngati pulogalamu yawo ikulandira uthenga nambala 64 wa MIDI (njira imene kiyibodi imalankhulirana ndi kompyuta), umene ndi wa sustain. Uthengawu umabwera ndi nambala inanso: nambala zochokera pa 0 mpaka 63 zimatanthauza kuti pedulo sinapondedwe, ndipo 64 mpaka 127 kuti yapondedwa.

Mukayesa zonsezi koma osaphula kanthu, lembani dzina ndi nambala ya kiyibodi yanu monga zalembedwera kunsi kwake, jambulani pulagi ya pedulo pa foni, ndipo tumizani kwa amene anakugulitsani musananyamuke. Pobwera ku Lilongwe tengani kiyibodi, pedulo, adaputala yake ndi lisiti, kuti zonse ziyesedwe pamodzi inu mukuona.