Momwe mungaphunzitsire amayi a kumpingo kupanga mikanda ya mapepala yogulitsa

Ngati gulu lanu la amayi likufuna kabizinesi kosalira mpamba waukulu, yambani ndi mikanda ya mapepala. Mikanda ya m'masitolo yambiri imachokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023 mtengo wake sugwirika. Pepala ndiye lili paliponse: makalendala a chaka chatha, magazini akale, zikwangwani za misonkhano yomwe idatha kale. Nyuzipepala isiyeni, ndi yopyapyala ndipo mtundu wake suwala.

Ife timaphunzira Lachinayi, mapemphero a mvano akatha. Yambani mwawauza mayi busa ndi amayi apampando, kuti zisaoneke ngati mukuyambitsa gulu lanulanu. Paulendo umodzi amayi asapitirire khumi, chifukwa manja a aliyense muyenera kuwaona.

Zofunika ndi lumo, rula, pensulo, guluu woyera wa akalipentala, vanishi, twayini wopyapyala wa asodzi, timbedza ta ndolo, tokowekera ta m'khosi ndi masipoko a njinga. Masipoko musagule, pemphani othyoka kwa wokonza njinga. Ndalama zoyambira musonkherane kapena mubwereke ku banki m'khonde, koma zonse zilowe m'buku la msungichuma.

Choyamba ndi kudula. Lembani kuseri kwa pepala tizidutswa tataliitali tosongoka mbali imodzi, kutsinde masentimita 2, kutalika masentimita 25 kapena 30. Ntchitoyi apatseni amayi awiri a dzanja lowongoka, adulire onse. Aliyense akamadula zake, mikanda imatuluka yosiyana misinkhu ndipo simungatunge mkanda umodzi wooneka bwino.

Kenaka kulungani pa sipoko, kuyambira kutsinde, mothinitsa, nsonga ikhale pakatikati. Guluu pakani kumapeto kokha. Mukayamba naye, mkanda umamatirira ku sipoko. Sololani, muyanike tsiku limodzi.

Tsopano vanishi, ndipo apa mvetserani bwino, chifukwa mpomwe ife tidalira. Tidagula vanishi wopimitsa m'mabotolo a madzi akumwa kwa munthu wina pamsika, poti anali wotchipa. Kani anali wosungunula ndi palafini. Mikanda ya gulu lonse idakhala sabata yathunthu ikumatamata, fumbi n'kukakamira, fungo lake losati n'kuvala m'khosi. Tidataya yonse, ndipo amayi ena sadabwerenso. Choncho gulani wa m'chitini chotseka, ku sitolo ya zipangizo zomangira, ngakhale kachitini kakang'ono. Pa chitinipo palembedwe kuti ndi woyera, wosasintha mtundu, osati uja wofiirira wopaka zitseko. Musanaviike yonse, yesani mikanda isanu, muigoneke. Ikauma gwa osamata chala, pitirizani.

Poviika, tungani mikanda pa twayini motalikitsana, viikani, kwezani kuti vanishi wotsala adonthere m'chitini momwemo. Pachikani pamthunzi podutsa mphepo, osati pabwalo pomwe ana akuthamanga. Pakatha ola limodzi isuntheni pang'ono umodziumodzi, apo ayi imagwirana ndipo polekanitsa pepala limang'ambika. Ikauma bwerezani kawiri. Kupaka kamodzi kokha n'kunamiza wogula, chifukwa thukuta limalowa, mkanda n'kufufuma. Nthawi ya dzinja kapena kukachita chiperoni musafulumire, vanishi amachedwa kuuma ndipo nthawi zina amachita mbuu. Mazenera a chipinda chomwe mukugwiriramo akhale otsekula, ndipo amayi oyembekezera muwapatse ntchito yodula.

Kutunga ndiye aliyense amakudziwa. Pakati pa mikanda ya mapepala ikani timikanda ting'onoting'ono togula, takuda kapena tagolide, kuti zioneke zapamwamba. Mfundo mangani katatu, mudonthezepo guluu. Ndolo n'zosavuta: mkanda umodzi kapena iwiri pa kawaya, n'kukoweka ku kambedza. Timbedza totchipa kwambiri timachita dzimbiri ndipo ena timawatupitsa makutu, ndiye ikani kambedza kamodzi m'madzi usiku wonse, muone ngati kachite dzimbiri, musanagule paketi yaikulu. Wogulitsa akakana kukugulitsani kamodzi koyesera, pitani kwina.

Mtengo werengerani zipangizo, kuphatikiza nthawi ya amene watunga, kuphatikizanso kagawo kobwerera m'thumba la gulu. Gulitsani pa misonkhano ikuluikulu ya amayi, pa zinkhoswe ndi maukwati. Operekeza mkwatibwi amakonda yofanana mtundu ndi nsalu yawo. Jambulani pa nsalu yoyera masana, muike pa WhatsApp, ndalama azitumiza pa Airtel Money kapena Mpamba. Ogulitsa ziboliboli ku Senga Bay ndi ku Cape Maclear ena amaoda, koma musawasiyire katundu pangongole popanda kulemberana.